Palibe Anamuitana Kezia Pakhomo la Banki

Pamsika wa Mzimba ndakhalapo zaka makumi awiri ndikugulitsa tomato ndi anyezi, ndipo palibe munthu anandigulitsapo chinthu pa mtengo woyamba. Ngakhale bokosi la malemu amuna anga ndinanenerera. Ndiye musadabwe ndi zimene ndinamuuza mwana wanga Kezia.

Kezia anapita ku Joni mwezi wa Meyi, pasipoti ndi pemiti zonse zili bwino. Anapeza ntchito kunyumba yosamalira nkhalamba. Abwana ake anamuuza kuti iwo salipira pamanja, pofika Lachisanu abweretse nambala ya akaunti ya kubanki.

Nkhaniyi inamupeza msanga Calvin, mwana wa alamu anga a ku Edingeni, amene wakhalitsa ku Joniko. Anati Kezia asavutike, angopereka nambala yake ya iyeyo, malipiro akalowa azikamutapira. Ana amene malipiro awo amadzera kwa Calvin ndimawadziwa. Amayi awo amabwera pabenchi yanga kudzapempha tomato wophwanyika. Ndinalumbira kuti wanga ayi.

Lolemba m'mawa foni inalira. Anali Kezia, akunong'ona ali m'banki.

"Amama, ndafika kutsogolo. Akuti atsegula lero lomwe, koma mwezi uliwonse azidulako kandalama kosungira."

"Adule chani? Ndalama ndi yako, ukuwapatsa ndiwe, ndiye uziwalipiranso? Auze atsitse."

"Amama, kuno satsitsa."

"Kulibe kumene satsitsa. Nyamuka, tenga mapepala ako, uziyenda pang'onopang'ono. Usacheuke. Usanafike pakhomo akuitana."

Ine ndimatero kwa alimi a tomato, ndipo amandithamangira mpaka pamsewu. Mwanayo ndi womvera. Ananyamukadi.

Patapita nthawi anaimbanso. "Palibe akunditsatira, amama."

"Ima pakhomo pomwepo, uziyang'ana kumbali ngati ukudikira minibasi."

Anaima ola lathunthu, mpaka mlonda anabwera kudzamufunsa chimene akuzonda pakhomo la banki. Atalowanso anapeza pampando paja pakhala wina. A banki anamuuza kuti mwayi wa tsikulo wadutsa, alembetse, abwere Lachiwiri la sabata yamawa.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Mbwenu basi, ndingopereka nambala ya Calvin, amama," n'kudula foni.

Pamela, mnzanga wa benchi yoyandikana nayo, anamva zonse. Pamela makutu ake ndi a mleme.

"NyaShaba, mwayesa banki ya ku Joni ndi mlimi wa ku Kazomba?"

"Gulitsani mpiru wanu, mwaona wayamba kufota."

Ndinamuyankha choncho, koma tsiku limenelo ndi lotsatira lake ndinkapatsa anthu chenji cholakwika. Ndinali nditamuphera mwana wanga mwayi ndi pakamwa panga.

Lachitatu ndinavundikira tomato ndi chiguduli, ndinamusiyira Pamela benchi, ulendo kubanki ya paboma pano. Mmenemo mumagwira ntchito a Aaron, amene amagula kwa ine Loweruka lililonse ndipo sachoka opanda banyira. Mzere unali wautali. Ine ndinadutsa pambali, epuloni ili m'chiuno, anthu akung'ung'udza.

"Amama, mzere uli uko," anatero a Aaron.

"Sindinabwere ndi ndalama, adada, ndabwera ndi funso. Banyira yense uja mundibwezere lero."

Ananditengera pambali ndipo ndinawafotokozera. Nditafika poti Kezia anaima pakhomo ola lathunthu, anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Sekani msanga mumalize, Lachisanu likubwera."

"Pepani chomene, amama. Kubanki mtengo unalembedwa kale, amene wakhala pawindo sangausinthe. Koma nzeru yanu siyolakwika yonse. Inu mukafuna tomato mumayamba mwazungulira madengu onse, si choncho? Nayenso azungulire. Mabanki ndi ambiri, ndipo m'banki imodzi muli maakaunti osiyanasiyana. Akafunse ya anthu olandira pang'ono."

"Bwanji sanamuuze zimenezo?"

"Anafunsa?"

Ndinati alembe, chifukwa ine sukulu ndinalekera Sitandade 3 ndipo mutu wanga umasunga mitengo yokha. Analemba pakapepala zoti Kezia akafunse: amadula zingati pamwezi, amadula zingati potapa, nanga potumiza kumudzi, ndipo kodi amatsegulira mlendo wa pasipoti tsiku lomwelo. Anawonjeza kuti atenge kalata ya abwana ake yonena kumene amagwira ntchito ndi kumene amagona. Anajambula kapepalako ndi foni yanga n'kumutumizira.

Madzulo Kezia anaimba, mawu ali ozizira.

"Izi akuuzani ndani?"

"Munthu wa tayi. Si nzeru zanga, usaope."

Apo anaseka pang'ono.

Lachinayi anapempha kuchoka kuntchito masana. Banki yoyamba anati pemiti yake yatsala ndi nthawi yochepa kwa iwo. Yachiwiri anati kalata ya abwana ilibe chidindo. Anathamanga kukadinditsa, pobwerera anapeza atseka.

Lachisanu kunacha kozizira, mphepo ya ku Chikangawa ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinayala tomato, foni ndinaiika pamwamba pa anyezi. Cha m'ma naini inalira, ndinaithamangira. Anali Calvin.

"Amama, mwadzuka uli? Ndimati mumuuze mlongo wanga asachite manyazi. Ife timathandizana kuno. Lerotu ndi lomaliza."

"Dzuwa lalowa kale kwanuko?"

"Ayi, amama."

"Ndiye dikira lilowe."

Ndinadula foni. Teni inakwana, leveni inakwana. Mayi wina ananenerera mulu wa tomato ndipo ndinangomupatsa osalimbana naye. Pamela anandiyang'ana, anandithirira tiyi wa m'fulasiki mwake.

Itangodutsa thwelofu foni inaliranso.

"Amama, atsegula. Khadi ili m'manja mwanga, ndipo nambala ndawatumizira kale abwana. Ayankha kuti alandira."

"Ya dzina la ndani?"

"Langa. Kezia Nkosi. Ndipo amadula pang'ono kuposa aja a Lolemba."

Ndinakhala pakreti. Ndinafuna kunena kuti waona, kutuluka kuja kunathandiza, koma ndinameza. Ndinangoti yewo, yewo, osadziwa kuti ndikuthokoza ndani.

"Andipatsanso nambala yachinsinsi yotapira. Ndikuuzeni musunge, mwina ndingaiwale. Ndi foro..."

"Tseka pakamwa. Foni ili pa sipika, ndipo a Pamela asiya kale kuwaza mpiru."

"Ine ndamva chani?" anatero Pamela.

"Usauze Calvin, usauze mwamuna amene adzakufunsire, usauze ine. Ine ndi amene ndinakutulutsa m'banki. Wadya?"

"Ayi, kuyambira m'mawa."

"Pita ukadye. Mayunitsi akutha."