Phazi la Umboni

1.
Wachira.
Anatero ndi a Lufeyo, mkulu wa mpingo, tsiku lomwe mkazi wawo Felesiya anatuluka m'chipatala. Dokotala sananene zimenezo. Iye anati khansa yapakhungu imene anaidula kuphaziko ndi yamakani, imabwerera, ndipo akangoona kadontho kakuda pafupi ndi chipsera athamange. Nthawi imeneyo a Lufeyo anali panja, akuimbira abusa foni.

2.
Kumene phazili lafika:
Lunzu
Thondwe
Zalewa, kawiri
pabwalo la mpira ku Bangwe, mvula ikugwa
Paliponse mwambo ndi womwewo. Nsapato ivulidwe, phazi likwezedwe pampando, anthu aone chipsera, nthungululu zilire. Maikolofoni amagwira ndi a Lufeyo. Felesiya amangobwera chifukwa phazi silingakwere minibasi lokha.

3.
Msonkhano ukayandikira, a Lufeyo amamugoneka chafufumimba pamphasa, n'kumutsuka mwendowo okha, n'kuupaka mafuta mwachifatse. Amayi a mumpingo nsanje. Mwamuna wotere timupeza kuti ife, ankatero. Felesiya naye ankanyada, chitsiru, mpaka kugona tulo pamphasapo.

4.
Felesiya anapeza timibulu ndi chala, m'bafa. Kumbuyo kwa mwendo, kumene maso safika bwino. Timibulu tolimba ngati njere za therere, kena pamwamba pa chidendene, tina pakatumba.
Bambo a Tiya, taonani izi.
Ndi udzudzu umenewo, mayi.
Sanaweramire n'komwe.

5.
Ndiye anayamba kulalikira m'nyumba momwemo, kuti munthu wopereka umboni sabwerera kuchipatala ngati galu kumasanzi ake, kuti anthu a ku Thondwe amva bwanji, kuti abusa awalonjeza kale nthambi yawoyawo ku Zalewa chifukwa cha phazi lomweli, kuti kukayika ndiko kumaitana matenda, kuti angotsitsa chitenje pang'ono basi poti anthu amafuna kuona phazi osati mwendo wonse, mawu kutuluka ngati madzi a pampopi wothyoka, uku akupukuta nsapato zawo zakuda zija zimene amazikonda kuposa ana
Wachira, mayi. Wachira.

6.
Felesiya anapita yekha kuchipatala, atanama kuti akukagula kaunjika.
Dokotala anayendetsa chala kuchokera pachipsera, kudutsa pakatumba, mpaka m'mphechepeche momwe munali mwanabere wosapweteka. Anati ndiyo njira yake imeneyo, imayambira pafupi ndi pamene idadulidwa n'kumakwera. Akanabwera kali kamodzi, akanadulanso ndi chiyembekezo. Tsopano ayesetsa, koma sakulonjeza.
Felesiya anachita mantha.
Mwapaka chiyani apa, mayi?
Mafuta.
Dokotala anapukuta ndi thonje n'kumuonetsa. Thonjelo linali labulawuni. Pansi pake timibulu tinaoneka bii, tambiri kuposa timene chala chake chinapeza.

7.
Wachira, anatero Lunzu. Wachira, anatero Thondwe. Chikomekome cha mkuyu.

8.
Loweruka kunali chitsitsimutso ku Zalewa. Lachisanu masana a Lufeyo anayala mphasa, n'kupita kukatunga madzi okha, mwamuna wachikondi uja. Felesiya anatsegula kachikwama kawo ka mafuta. Munali botolo, kansalu, ndi kachitini ka polishi wabulawuni, kopalidwa mpaka chitsulo kuoneka pansi.
Gonani, mayi, tikonze mwendo wathu.
Felesiya sanagone. Anangoyang'ana pakhomo, pamene panandandalika nsapato zonse za mwamuna wake. Zonse zakuda.