Mabotolo a M'kabati ya Amayi

Botolo lachitatu analipeza kuseri kwa nsapato za kutchalitchi. Chitsiriza, mwana womaliza wa malemu, anakhala pabedi la amayi ake atalifumbata. Masiku anayi okha chiikireni maliro, kabati inali itayamba kale kuulula. Amayi omwewa, amene ankati mowa ndi mkodzo wa Satana! Manyazi anamugwira ngati womwayo ndi iye. Anakhuthulira onse atatu m'sinki, natsegula mpopi kuti fungo lichoke azakhali asanafike kudzapinda zovala.

M'mawa mwake achimwene ake, ometa tsitsi, sanatsegule shopu. Chitsiriza anawapeza atakhala pansi kukhitchini, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera moti madzi akumwa ankathera pa malaya. Munthu wa zaka makumi anayi, amene mowa unamulanda mkazi, ana ndi mano awiri akutsogolo.

"Mlongo wanga, mankhwala anga ali kuti?"

"Mankhwala anji?"

"Amayi amasunga m'kabati."

Azakhali, amene anali pakhomo ndi mtolo wa nsalu, anautula pansi.

"Usandiuze kuti wataya."

"Ndataya. Ndimayesa amamwa ndi iwowo."

"Amayi ako sanalawepo ndi dontho lomwe. Chaka chatha anamutsekera uyu m'chipinda kuti asiye. Tsiku lachiwiri anagwa, thovu kukamwa, lilime atadziluma. Adokotala anati munthu wofika apa sasiya mwadzidzidzi, akhoza kufa. Chiyambire pamenepo amamuyezera okha, m'mawa ndi madzulo."

"Ndiye akagonekedwe kuchipatala."

"Wathawako kawiri."

"Azakhali, ine Lolemba ndiyenera kukhala m'kalasi. Ana amene ndimaphunzitsa akulemba mayeso, ndipo ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu."

"Ine kwathu ndasiya amuna anga pamphasa. Ukamusiyira botolo, alimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Ukamumana, waona wekha. Sankhapo."

Panalibe chosankha, ndipo onse atatu ankadziwa. Chitsiriza anawada achimwene ake nthawi imeneyo, kuwada kwenikweni, nakwiyiranso amayi ake chifukwa chofa osamuuza kuti chuma chamasiye ndi ichi. Chikwama chake chinali cholongedza kale, chili kuseri kwa chitseko.

Anatuluka. Wogulitsa mowa pa ngodya ya msewu sanamufunse n'komwe mtundu wake. Anangotsitsa botolo, nalikulunga m'nyuzipepala bwinobwino.

"Amayi amakonda ndikulunge chonchi. Pepani maliro."

Atabwerera anapeza achimwene atayamba kulankhula ndi khoma. Anatenga tambula kuti athire.

"Ayi, osati imeneyo," anatero iwo, mano akugundana. "Pamwamba apo, kuseri kwa chitini cha shuga."

Kanali kakapu ka pulasitiki. M'mbali mwake munali mizere yokanda ndi singano, khumi ndi umodzi, wina pansi pa unzake. Yam'mwamba inali yowongoka. Yam'munsi inkapita mokhota, monga momwe dzanja la amayi linkachitira m'miyezi yawo yomaliza.

"Amatsitsa umodzi pa mwezi," achimwene anatero osamuyang'ana. "Tili pa wachisanu ndi chinayi. Iwiri yotsalayo anakandiratu atamva kuti sachira. Anati wobwera pambuyo asavutike."

Chitsiriza anakweza kakapuko pa kuwala kwa windo, nawerenga ndi chala kuchokera pamwamba. Anathira pang'onopang'ono mpaka pa mzere, kenaka anagwada, nagwira mutu wa achimwene ake kuti angataye.