Njinga ya Che Athumani

Ine sindikhulupirira munthu wochita zabwino popanda chofuna. Ndakalamba ndikuwaona anthu otere. Mmodzi yekha ndiye anandisokoneza mutu, Che Athumani a sitolo pa Mkanda, ndipo mpaka lero ndikadawakwiyira.

Che Athumani anali ndi njinga, yoyamba m'dera lathu. Ankaipukuta ndi nsalu yatsopano ya m'sitolo, pamatope n'kumainyamula paphewa. Akazi awo, Asiatu, ankaitcha "mkazi mnzanga." Ine nditangogwira belu tsiku lina, anandifunsa ngati ndasamba m'manja.

Chaka chimene tinkalambula msewu wa ku Boma, mnyamata wina wa m'dera lathu, Kamzati, anamenya kapitawo amene anakwapula atate ake okalamba. Akanagwidwa, zikoti ndi ndende zinali zake. Anabisala kuseri kwa sitolo kuti athawire ku Rodeshiya, koma asananyamuke anatulukira Kopolo Lufeyo, wapolisi wa ku Boma, unyolo uli m'manja.

"Che Athumani, Kamzati wadutsa pano?"

"Pumani kaye, a Kopolo. Munthu wamkulu wa Boma kumayenda wapansi ngati ife? Tayesani njingayi."

Ife pakhonde tinasiya bawo. Kopoloyo anali asanakwerepo njinga chibadwire. Anameza malovu, n'kuika unyolo pansi.

Ulendo woyamba anakagunda nkhokwe. Wachiwiri anathyola mpanda n'kulowa m'khola la nkhumba la a Gelevazio. Che Athumani, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, analowa m'kholamo okha n'kutulutsa njingayo.

"Mwaitha, a Kopolo! Mwatsala pang'ono!" anafuula, misozi ili chuchuchu.

"Nanga mukuliranji?"

"Chimwemwe, bwana. Bwerezani."

Asiatu anabwera ndi tiyi, mano onse pamtunda. "Muthamangitseni ndithu, a Kopolo, mkazi mnzangayu wanenepa ndi ulesi. Mwayesa kale chotsetsereka cha kudambo?"

Kopolo anakachiyesa. Tinangomva phokoso.

Dzuwa litapendeka, gudumu lakutsogolo linali ngati lichero lopondedwa ndi ng'ombe, chishalo sichinapezeke, Kopolo mawondo ali magazi okhaokha. Apa m'pamene anakumbukira chimene anadzera. Anazungulira kuseri akutsimphina, koma Kamzati anali atadutsa malire kalekale.

Kopolo atapita, ndinawakokera pambali eni njinga.

"Nenani zoona. Kamzati wakulonjezani chiyani? Ali ndi mlongo?"

"Alibe."

"Ndiye ndi mbale wanu?"

"Ayi. Amangodzagula mchere."

"Nanga bwanji?"

"A Binwelo, msana wa munthu si gudumu, suwongoka ndi nyundo. Tapatukani, ndikasambe."

Ndinafufuza ndithu. Ndinafunsa kwa Dambe, ndinafunsa amalonda ochokera kutsidya, ndinatchera khutu pamowa ndi pamaliro. Palibe chimene Che Athumani anapindula. Kamzati sanabwerenso, ngakhale moni sanatumize. Che Athumani njinga ina sanagule, ndipo katundu wa m'sitolo ankakamusenza pamutu kuchokera kwa Kamwendo mpaka imvi zinamera.