Chikwapu Chotsala Pavayisi

Amuna anga anali makaniko wa mabasi, koma mukanawafunsa ntchito yawo akanakuuzani kuti amaluka zikwapu. Ng'ombe tinalibe, bulu tinalibe, ngakhale mbuzi yoti n'kuiopseza. Zaka makumi awiri ndi ziwiri munthu akuluka zikwapu zongoliza m'malere kuseri kwa nyumba Loweruka lililonse, ngati mwana.

Ankalukira chingwe cha nayiloni chija amati cha maparachuti, chofewa, chamitundumitundu. Ankayamba n'kuchitumbula, kusolola timaulusi toyera ta m'kati, kenako n'kuwotcha nsonga pakandulo kuti zisamasuke. Sizasi yanga yodulira nsalu inabunthira pomwepo. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Iwo ankangoti tagwirani apa mayi, ine n'kugwira, ndikukalipabe.

Ndiye anamwalira osatsazika, Lachiwiri m'mawa, atavala nsapato imodzi. Mpaka lero sindinawakhululukire. Munthu wamkulu sachoka choncho, kusiya chikwapu chili pakatikati, chitapanidwa pavayisi, chitsulo chopanira chija, pakhonde, zingwe khumi ndi zinayi zili lendelende, zofiira ndi zakuda, ngati abweranso akamwa tiyi. Ndinachiphimba ndi pilokesi yakale. Miyezi isanu ndinkasesa mochilambalala, ndikuchitukwana.

Mng'ono wawo, alamu anga okonza mafoni, nawonso anagwidwa matenda omwewa oluka zikwapu, koma mochedwa, ndipo anaphunzirira pavidiyo. Anabwera Loweruka lina ndi timawu tawo tofewa tija, akuti chinthu cha achimwene chisafere pafumbi, achimalize iwowo. Ndinavomera. Ndinawapatsa mpando, ine n'kupita kukachapa.

Pobwera ndinapeza alamu ali thukuta kamukamu. Anali ataluka utali wa chikhatho, koma mizere yofiira, imene kwa malemu inkatsika yowongoka ngati njanji, kwa iwo inathyoka n'kudumphira pambali. Anati vuto si lawo. Akuti achimwene analakwitsa kuyambira kumpini, pavidiyo saluka choncho, ndipo njira ndi imodzi basi, kumasula zonse n'kuyambiranso. Apo akulankhula, zala zikumasula. Zawo zinali zitatha, atalowa kale m'za malemu.

"Alamu, chotsani manja."

"Alamu, n'chingwe chabe ichi. Tikonza."

"Chingwe chabe ndi cha kabudula wanu. Apa ndi pomwe manja a amuna anga anathera. Chotsani zalazo ndisanazipanire pavayisipo."

Anachotsa. Anayamba kundifotokozera za bambo wina wandevu wa pavidiyoyo, akuti amamutsatira anthu masauzande. Ndinawadula, n'kuwafunsa kuti akamaluka amawerenga bwanji. Anati umatenga chingwe chakumapeto, n'kuchizungulitsa kumbuyo, kenako pansi pa zitatu, pamwamba pa zinayi, ngati wina aliyense.

Ndinaseka, koyamba chimwalirire amuna anga, kuseka kosakoma. Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma manambala amenewa ndimawadziwa kuposa tsiku langa lobadwa. Malemu sankatha kuluka chamumtima. Ankang'ung'udza. Pansi pa zinayi, pamwamba pa zitatu, koka. Pawailesi pali sewero, iwo pansi pa zinayi. Ndikuwauza kuti denga likudontha, iwo pamwamba pa zitatu, koka. Palibe amene analakwitsa. Abale awiriwa ankangowerenga mosemphana, ndiye pokumana manja awo mzere unkathyoka.

Alamu anakanda pamutu, kenako anati kuloweza nyimbo si kuvina. Ndinawauza kuti abwere Loweruka linalo adzaone, ndipo popita atseke geti.

Sabata imeneyo ndinaona zakuda. Chingwe chija chimaoneka chofewa, koma ukachikoka tsiku lonse chimadya zala. Lolemba matuza, Lachiwiri matuza aphulika, ndinamanga pulasitala n'kupitiriza. Chikwapu chimayenera kumawonda chikamatsika, ndiye pena umasiya zingwe ziwiri m'kati n'kuluka ndi zotsalazo, ndipo kuwerenga kumasintha. Nyimbo zakezo ndinali nazo zonse m'mutu, ya zingwe khumi ndi ziwiri, ya khumi, ya zisanu ndi zitatu, koma posiyira pake sindinkadziwa. Ndinatsitsa chikwapu china chakale pamsomali, n'kuchigoneka pambali, n'kumayeza ndi tepi yanga yosokera. Lachitatu ndinasokoneza, ndinamasula theka la tsiku, zanga zokha. Mwana wanga wamkazi anaimba foni kufunsa ngati ndikudya. Ndinamuuza kuti ndatanganidwa, ndikukangana ndi bambo ake. Anati abwera kumapeto kwa mwezi.

Lachisanu ndinachotsa chikwapu pavayisi, n'kuchikunkhuniza pasimenti ndi thabwa kuti chisalale, ine nditagwada ngati ndikukolopa. Kunsonga ndinamangirira kaulusi kopota kaja, poti kamene kamalira ndi kameneko.

Alamu anafika atavala magalasi awo okonzera mafoni. Anachiyendetsa m'manja pang'onopang'ono kuyambira kumpini, akufuna cholakwa. Mizere inali yowongoka mpaka pansi. Koma pakatikati zala zawo zinaima.

"Apa mpamene mwayambira inu. Palimba ngati ndodo. Mumakoka ngati mukupotokola khosi la munthu."

"Ndikumudziwa mwini khosilo."

Anati chikwapu cholimba choncho mwina sichilira, chingokhala chokongola. Kukongola ayi, amuna anga sankalukira maso. Chikwapu chosalira ankachitcha chingwe choyanikira zovala. Chikakana kulira, ndiye kuti ndawawonongera chomaliza.

Tinapita kuseri. Alamu anatambasula dzanja kuti ayese, ndinakana. Chonsecho sindinaponyepo chikwapu chibadwire, ndinkangoonera pawindo ndikutukwana. Koyamba ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse, chinandikulunga m'miyendo. Kachiwiri chinandilasa kukhutu, ndinaona nyenyezi masanasana. Alamu anatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka, akuti akutsokomola.

Atatha kutsokomolako anabwera pafupi, koma osati pafupi kwambiri. Anati vuto si chikwapu, vuto ndi ukali. Chikwapu sachimenya, akuti umachikweza mofatsa, n'kudikira chitambasuke chonse kumbuyo, kenako n'kutsitsa dzanja ngati ukuloza munthu. Ndinawauza kuti kuloza anthu ndimatha. Pa moyo wanga wonse aka kanali koyamba kumvera alamu.

Ndinakweza. Ndinadikira. Ndinaloza.

Thwaa! Njiwa zonse padenga zinabalalika. Mayi woyandikana nane anasuzumira pampanda, mutu uli thovu lokhalokha, kufunsa ngati laphulika ndi tayala. Alamu anavula magalasi.

"Liwu lake ndi la achimwene ndithu," anatero motsitsa.

Ndinakhala pansi pasitepe, chikwapu pamiyendo. Alamu anafunsa ngati ndikulira. Ndinawauza kuti ndi khutu, asandifunse zopusa. Ndinapukuta kumaso ndi mpendero wa siketi, n'kudzuka, n'kuwauza kuti asunthe chifukwa ndikuponyanso.