Dayisi Yagwa Pansi

Chiwagwireni sitiroko, achimwene ankatuluka m'nyumba kawiri pa sabata: Lamlungu kutchalitchi, ndi Loweruka masana kwa atelala, kumene tinkachita masewera athu a patebulo. Kutchalitchi anthu ankawalankhula mokweza ngati ogontha, uku akuwasisita paphewa. Kwa atelala ankanyozedwa monga kale, ndipo n'chifukwa chake ankakondako.

Tinkakhala anayi m'chipinda cha kuseri, ine, achimwene, atelala ndi mnzathu wina, aphunzitsi, titakankhira makina osokera kukhoma. Aphunzitsi ndiwo ankayendetsa nkhani. Iwo ankafotokoza dziko lopeka, ife aliyense tili ndi munthu wathu wolembedwa papepala, ndipo pakafika zoopsa, dayisi ya mbali 20 ndiyo inkagamula. Munthu wa achimwene anali wosula zitsulo wotchedwa Nyundo. Anali atayenda naye zaka zitatu. Pamwamba pa pepalalo panali zolemba za dzanja lawo lamanja, zowongoka bwino. M'munsi munali za lamanzere, zokhotakhota ngati za mwana woyamba sukulu.

Tinali ndi malamulo awiri osaphwanyika. Loyamba: munthu wako akafa, pepala lake limalowa m'chitini cha mabatani, ndipo iwe susewera mpaka nkhani yonse itatha. Nkhani imene tinalimo inali idakali ndi chaka chathunthu. Lachiwiri ndinabweretsa ndine, nditatopa ndi atelala amene ankakonda kuwerenga okha dayisi kunsi kwa tebulo: ikagwa pansi siwerengedwa, uponyenso.

Loweruka lina Nyundo anatsegula bokosi m'phanga.

"Mwatuluka utsi wobiriwira, wapoizoni," anatero aphunzitsi. "Ponyani. Ikachepera 5, Nyundo wafera pomwepo, palibe mankhwala."

"Utsi basi?" Mawu a achimwene ankatuluka mokoka. "Ine ndakhala zaka 30 m'galaja."

"Ndikuyezeretuni suti ya maliro, akulu?" anafunsa atelala.

"Munthu wovala suti yosoka inu, ndi kumwamba komwe angam'bweze pachipata."

Tinaseka. Achimwene anatola dayisi ndi dzanja lamanzere, lomwe linkanjenjemera likagwira kanthu kakang'ono. Anaiponya, inagunda kapu, n'kugwa pansi, n'kudzaima pafupi ndi nsapato yanga. Tonse tinawerama.

"Ndi 18," anatero atelala. "Nkhalambayi yapulumukanso."

Aphunzitsi anali atatsegula kale tsamba lotsatira.

"Yagwa pansi," ndinatero ine.

Sindinaganize. Mawuwo anangotuluka monga amatulukira ameni pemphero likatha. Atelala anandiyang'ana ngati ndalavulira m'mbale.

"Ayi, tiiwerenge," anatero aphunzitsi mofatsa. "Poti dzanja lija..."

"Dzanja latani?" anafunsa achimwene.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti chidwalireni achimwene, dayisi yawo inali itagwapo kangapo, ndipo nthawi zonse wina ankayambitsa nthabwala, nkhani n'kupitirira. Ineyo masiku amenewo ndinkakhala mbali ina ya tebulo, osaona. Anzangawo ankachita chifundo mobisa, monga Malemba amanenera, dzanja lina osadziwa zochita linzake. Ine ndinachivundukula, ndipo chitaonekera poyera chinafanana ndi kusisita paphewa kwa kutchalitchi kuja.

"Tandipatse, iwe," anandiuza achimwene.

Ndinaitola n'kuwapatsa. Ulendo uno anaigwetsa pang'onopang'ono pakati pa tebulo. Inagubuduka kamodzi. Inali 3.

Aphunzitsi anayamba kusanthula mabuku awo, ati mwina pali mankhwala amene anaiwala. Achimwene sanadikire. Anakoka chitini, anachipana ndi chigongono, anatsegula movutikira, n'kuikamo Nyundo okha. Kenaka anapempha ndodo yawo.

M'njira ndinawagwira mkono monga mwa masiku onse. Titafika pangodya ya msewu wawo ndinati, "Achimwene, mundikhululukire."

"Walakwa chiyani? Lamulo ndi lamulo." Anapuma kaye, atatsamira ndodo. "Iwe sulakwa. Chibadwire sunalakwepo."

M'mawa mwake ndinaima kutsogolo kwa mpingo kuyambitsa nyimbo ya chisomo, ya wochimwa amene walandiridwa wopanda choyenereza. Ndaiyimba zaka 25. Tsiku limenelo mawu anandithera pavesi lachiwiri, amayi a kwaya n'kuinyamula okha. Achimwene anakhala pamalo awo, buku lotseka pamiyendo.

Aphunzitsi anapita kukawauza kuti lamulo loyamba talichotsa, alembe munthu watsopano. Achimwene anawayamika, n'kunena kuti mphatso za odwala ali nazo zokwanira. Atelala anawatengera pepala la Nyundo lija kunyumba. Achimwene anatuma mkazi wawo, mlamu wanga, kuti alibweze. Ifenso masewerawo sanatikomere. Tinakumana kawiri atatu okha, kenaka makina osokera anabwerera pakati pa chipinda.

Ndimapitabe Loweruka lililonse kukawaona. Ndimawapeza pampando wa pawindo, wailesi ikulankhula yokha. Amandiyankha bwinobwino, za thupi, za ana, koma sanandinyozeponso ngakhale kamodzi.

Sabata yatha mlamu wanga anandiperekeza mpaka pageti. Ndi mayi wosalankhulalankhula, amene amawasambitsa achimwene ndi kuwamanga mabatani m'mawa uliwonse osadandaula.

"Alamu," anatero, akupukuta manja pansalu, "ndifunse. Mukanangokhala chete tsiku lija, Mulungu akanakulangani?"

Ndinafunafuna vesi loyankhira. Ndimadziwa ambiri. Iwo anadikira pang'ono, kenaka anatseka geti n'kubwerera kwa mwamuna wawo.