Chingwe cha Komiti

Chingwecho chinabwera chifukwa cha miyendo ya Felesiya, mayi woimbira mpira. Chaka chatha, pa mpikisano wa mpira wa makoleji a ntchito zamanja a kum'mwera kwa Lilongwe, anthu anadandaula kuti mayiyu akamayeza pamene khoma la osewera liyenera kuima pomenya fulikiki, amaponda pafupipafupi. Lamulo limati mayadi khumi kuchokera pa mpira, iwo ankati a Felesiya sakwana. Amuna aafupi oimbira mpira analipo ambirimbiri, ena omulekeza Felesiya m'khwapa, koma miyendo yawo palibe anaipeza chifukwa. Basi komiti inakhala pansi, inadya, n'kugamula kuti timu iliyonse yolandira alendo izikhala ndi chingwe choyezeratu, ndi anthu awiri ochigwira uku ndi uku.

Felesiya sanatsutse. Chimene ankafuna chinali chimodzi, kuti amukweze ayambe kuimbira masewero a ligi. Anali atatopa kuthamanga m'mabwalo a ndowe ndi zisoso, kumatukwanidwa ndi zidakwa. Loweruka lina, pa bwalo la kakoleji kena ka ku Mitundu, a Jeremiya, wapampando wa komitiyo, anabwera kudzamuona ndi maso awo kuti akanene ngati wakhwima. Alendo anali anyamata a koleji ina ya ku Nathenje, amene anafika atapanikizana mu lole yonyamula fodya.

Fulikiki yoyamba inali ya eni bwalo. Ogwira chingwe anathamangira m'bwalo. Mmodzi anapondetsa nsonga pa mpira, ndipo winayo, a Petro, mlonda wa pakolejipo, anatenga nsonga inayo n'kuyamba kubwerera cham'mbuyo kulowera ku golo, atakunga mkono ngati akukoka mbuzi yokana kupita kumsika. Pamene anaima, Felesiya anaika khoma la a ku Nathenje. Linaoneka kutali, koma chingwe chinali chitanena. Mpira unadutsa pamwamba pa khomalo mosavuta n'kugwedeza ukonde.

Patapita kanthawi a ku Nathenje nawo anapeza yawo. A Petro omwewo ulendo uno anayenda mwaulemu, chingwe chitangowongoka pang'ono, n'kuima. Khoma linakhala pafupi moti womenyayo akanatha kuwerenga mano a omutchinga. Mpira unakamenya munthu pamimba.

Felesiya anayamba wadzikayikira yekha, poti munthu akamauzidwa chaka chonse kuti sadziwa kuyeza amayamba kukhulupirira. Koma pa fulikiki yachitatu anatsetseretsa dzanja pa chingwecho ngati akungochiwongola. Chinali cha khonje, chatsopano. Pakati pake panali pokulungidwa ndi kansalu kofiira, kamene iye ankayesa chizindikiro chabe. Atatsina anamva kufewa. M'kati mwa nsaluyo munali mphira wa chubu cha galimoto, uja amamangira matumba a makala pa njinga anthu ochokera ku Dzalanyama. Ukakoka chingwe chimatalika, ukasiya chimabwerera.

Anthu akuluakulu, ophunzitsa ana a eni ake kuwotcherera zitsulo ndi kumanga nyumba zowongoka, anakhala pansi n'kulumikiza zimenezi ndi manja awo.

Pa nthawi yopumulira anapita pansi pa mtengo wa mango pamene a Jeremiya anakhala ndi mkulu wa kolejiyo, mbale ya kanyenya ili pakati pawo. Anapempha a Jeremiya kuti apatuke pang'ono.

"Bambo, chingwechi chili ndi mphira pakati. Chikutamuka."

A Jeremiya ananyambita chala. Anati chingwecho anachiyeza okha mwezi watha ndipo chinakwana. Felesiya atawapempha kuti abwere adzangochikhudza, anakana kwamtuwagalu. Anati mwina chinaduka n'kuchilumikiza, zingwe zimaduka, ndipo woimbira wanzeru sachititsa manyazi anthu amene amulandira pakhomo pawo.

"Mayi, ntchito yanu ndi wenzulo," anatero, mafuta akunyezimira pachibwano. "Kodi mwabwerera ligi kapena mwabwerera chingwe?"

Felesiya anabwerera m'bwalo funsolo lili m'mutu. Tinene zoona, anayesa kungozisiya. Kawiri konse m'chigawo chachiwiri a Petro anakoka ndi kulekerera monga mwa chizolowezi chawo, ndipo iye anayang'ana kumbali n'kuliza wenzulo. Ankadziuza kuti n'zalero lokha, akakafika ku ligi sadzaonanso zingwe. Koma nthawi iliyonse akaika wenzulo pakamwa ankanyansidwa, ndipo amene ankamunyansa kwambiri tsopano sanalinso a Petro ayi, anali iye mwini.

Mpira uli pafupi kutha, mnyamata wa ku Nathenje anagwetsedwa kunja pang'ono kwa bokosi. A Petro anabwera ndi kayendedwe kawo kaulemu kaja. Felesiya anawatambasulira dzanja.

"Bweretsani kuno, achimwene. Mwatopa, ndikugwirireni."

A Petro anayang'ana cha ku mtengo wa mango, koma nsonga inali italandidwa kale. Felesiya anabwerera cham'mbuyo, akukodola khoma kuti limutsatire. Chingwe chitawongoka sanaime. Anakoka monga ankakokera a Petro pa fulikiki za kwawo, kenako n'kupitirira pamenepo. Khoma linkangobwerera, anyamata akuyang'anana, mpaka linatsala pang'ono kumuponda goloboyi wawo. Kansalu kofiira kanamasuka n'kugwa, mphira wakuda uja n'kuonekera poyera, utatamuka n'kuwonda. Bwalo lonse linaona. Ena anaseka chikhakhali, ena anayamba kukuwiza, amayi ogulitsa zitumbuwa anagwira pakamwa. Ndiye mphirawo unaduka, n'kukamukwapula wogwira nsonga inayo pa katumba.

Felesiya anataya chidutswa chimene chinatsala m'manja mwake. Anabwerera pa mpira, anayeza ndi miyendo yake, anaimika khoma, n'kuliza wenzulo. Mpira unalowa pakona. Masewero anathera chigoli chimodzi kwa chimodzi.

A Jeremiya sanadikire n'komwe kuti Felesiya avule nsapato. Anamuuza anthu akumva kuti wawononga katundu wa komiti, wanyoza eni bwalo, ndiponso wayeza ndi mapazi pamene lamulo linaletsa. Za ligi aiwale, chaka chino ndi chamawa chomwe. Atatero anakakwera galimoto ya mkulu wa koleji uja, amene anali atawalonjeza kukawatula ku tauni.

Zinamupweteka, ndipo misozi inali pafupi. Komabe poyenda kupita kumsewu kukadikira minibasi anadzitonthoza kuti ana a ku Nathenje aja, amene anabwera atakhalirana pamiyendo mu lole, sanaberedwe mpaka kumapeto. Ligi yapita, koma yapitira chinthu chooneka.

Ali chiimire pamsewupo anamva wina akumuitana. Anali a Mateyu, kochi wa timu ya ku Nathenje, akubwera mothamanga. Felesiya anakonza nkhope kuti alandire zikomo mosadzikweza.

"Mayi, koma mwatilakwira," anatero a Mateyu akupuma mwabefu.

Felesiya anaganiza kuti sanamve bwino. Anawafunsa ngati sanaone zimene zinali m'chingwe.

"Za mphirazo? Ifetu timadziwa kalekale."

"Nanga osadandaula bwanji?"

"Tidandaule kuti atiletsere chathu? Iwowa abwera kwathu Loweruka likudzali. Ifeyo m'chingwe chathu tinaikamo mphira wa chubu cha thalakitala, wosaduka uja, anyamata avutika nawo sabata yonse. Pano ndi zimene mwachitazi aziyamba afufuza zingwe zonse. Inuyo zimakukhudzani chiyani?"

Felesiya anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Analavula malovu pambali, n'kuimika minibasi imene inkabwera, ngakhale inali yodzaza kale.