Penti Wosauma pa Kabati ya Mayi

Winifred anatsika basi pa siteshoni ya Intercity kutada kale. Lusaka ankaidziwa, anabadwira ku Kabwata. Koma ku Chelstone, kumene kunali maliro, anali asanapondeko. Anakwera kabasi kotsiriza, natsikira pa thanki ya madzi. Kuchokera apo anangotsata nyimbo za maliro.

Uthenga unampeza mochedwa ku Kitwe, kumene ankapenta matebulo a m'bala. Gilson, mwamuna wa mng'ono wake Helen, anali ataikidwa kale. Winifred anangonyamula chikwama chake cha masiku onse: madiresi awiri, maburashi, sandipepa, zitini za penti. Moyo wake unali womwewo. Kugula mipando yotha, kuipala, kuijambula maluwa, kugulitsa, kusamuka.

Monga pamaliro paliponse, katundu wa pabalaza anali panja kuti amayi apeze pokhala m'nyumba. Amuna anakhala pamasofa mozungulira moto. Winifred anaona kuti katundu yense anali ndi mtanda wa choko. Tebulo, mipando, njinga. Ndi kabati, pakhonde.

Kabatiyo akanaizindikira ngakhale ndi maso otsinzina. Ya matabwa a mukwa, yolemera, mwendo umodzi waufupi. Mayi awo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Kabulonga. Azungu aja ponyamuka chaka cha ufulu anawasiyira kabatiyo, ndipo mayiwo anampatsa Helen pa ukwati wake.

Helen anali pakona, mutu pansi, chitambala chakuda. Winifred analira naye monga kuyenera. Kenako anam'nong'oneza.

"Choko ija ni ya chani?"

"Ni ba Abson, bakulu bake ba Gilson," Helen anayankha osadzutsa mutu. "Lole ibwela kuseni. Vonse viyenda ku Katete."

"Na kabati ya bamayi?"

"Ati chilichonse cha mu nyumba ni cha mwamuna. Ine banisiyila mapoto."

"Iwe wakamba chani?"

"Ba sisi, ndine wofeledwa. Sinifunika kukamba."

"Ine sininafeledwe."

Winifred anatuluka, sandipepa m'manja. Anamanga chitenje m'chiuno, nagwada pansi pa getsi la pakhonde. Choko chinachoka poyamba. Kenako vanishi wakale anayamba kuyoyoka ngati gaga.

Phokoso la sandipepa linadula nkhani za pamoto. Abson anabwera, wamtali, mu suti ya safari, baji ya Chipani pachifuwa.

"Amayi, muchita chani pa katundu wa malemu?"

"Shani ba mulamu," Winifred anapereka moni wa ku Kitwe. "Nipenta."

"Pa malilo?"

"Imwe mwalemba na choko pa malilo. Ine nilemba na penti."

Wina pamoto anatsokomola pobisa kuseka.

"Iyi ni mukwa," anatero Abson. "Mukwa sibapaka penti. Muzaononga chinthu cha ulemu."

"Ni ya bamayi banga. Nikafuna nizaipaka na matika ya mu dambo."

"Muziba ndine ndani? Ndine chairman wa section kwathu."

"Kwanu."

Abson anacheukira amuna anzake. Palibe anaimirira. Kukankha mkazi pamaliro, akulu a mpingo akuona, ndi mbiri yofika ku Katete lole isanafike. Anakonza kolala.

"Pakani," anatero. "Izayenda chabe, na maluba yanu."

Winifred anayang'ana zitini zake. Anali ndi penti wamadzi, uja wouma ngati malovu padzuwa. Anamukankhira pambali. Anatsegula wamafuta, wa buluu, wofuna dzuwa la tsiku lathunthu, ndipo uwu unali mwezi wa Juni. Sanathiremo palafini. Anapaka wokhuthala, mmene iye mwini ankaletsera ena. Pamwamba, m'mbali, kumbuyo kosaoneka, mpaka kunsi kumene munthu amalowetsa zala ponyamula.

Pazitseko anajambula mpendadzuwa, maluwa achikasu aakulu ngati mbale. Pa penti wosauma duwa limayenderera. Zinamuwawa, poti manja ake ankadziwa ntchito yabwino. Anawasiya ayenderere.

Amayi akwaya ankasuzumira pazenera, nyimbo ili pakamwa. Nthawi ina Helen anatuluka ngati akupita kuseri. Anaima pafupi ndi mkulu wake. Anatenga kaburashi, nakaviika mu penti wakuda, nadontheza njere pakati pa duwa limodzi. Anabweza kaburashiko, nakalowa kukakhala pakona pake.

Lole inafika kusanayere bwino. Amuna awiri anakweza masofa, bedi, matiresi, wailesi. Atafika pa kabati anaima, manja kumbuyo.

"Nyamulani," anatero Abson.

"Tigwile pati, ba boss?"

"Ni penti chabe. Onani."

Abson anawerama, nakumbatira ngodya imodzi. Kabati inatsetsereka m'manja mwake ngati mlamba. Anadzuka ali ndi buluu m'zikhato, pamimba, ndi pa baji. Theka la mpendadzuwa linali pa thumba la suti.

Dalaivala anatulutsa mutu pazenera. "Iyo siikwela lole yanga. Izapaka ma sofa, izapaka matilesi, ndiye na fumbi izafika monga chulu. Tiyeni, njila ni itali."

Abson anapempha chopukutira. Palibe mayi amene anaoneka kuti wamva. Anapukutira m'nyuzipepala, pepala linamatirira ku zala.

"Nizabwela futi," anauza Winifred. "Ikauma."

"Muyende bwino, ba mulamu."

Lole inakhosomola utsi, ninyamuka. Pabwalo panatsala phulusa, mapoto, ndi kabati yowala ngati basi yatsopano.

Winifred anatsuka maburashi mu palafini. Mapazi anali atayamba kale kumuyabwa, kufuna ulendo. Helen anatuluka, nayang'ana maluwa aja.

"Bamayi bakanalipo sembe bakukwapula," anatero.

"Sembe banigwilila chitini."

Winifred anaika chitini cha buluu ndi burashi yaikulu m'manja mwa mng'ono wake.

"Ukamvela chabe ati ba Abson bali mu tauni, upake futi. Osaibala kunsi."

"Nanga penti akasila?"

"Unitumile mau ku Kitwe. Nili na wofiila."

Anakoleka chikwama paphewa. Zala zili buluu, anatuluka pageti kukathamangira basi yoyamba.